Matumbo Opanda Potulukira, ndi Mwana Wanga Amene Wasiya Kudya

Kwa Olemekezeka Mkulu wa Nthambi Yosamutsira Maphunziro Kumakomo,
kudzera kwa mlembi wawo,
kudzeranso kwa mlonda wa pageti amene anayamba wandibweza,

Bwana wanga,

Pepani kuti munthu wa manja onunkha ngati ine ndikukulemberani. Ndine pulambala. Ntchito yanga ndi kugwada pansi pa masinki a anthu ndi kupisa mkono m'malo amene eni ake safuna n'kulozako chala komwe. Ndasamba m'manja ndisanagwire cholembera, ndipo pepalali likamveka kafungo, dziwani kuti ndi ka sopo wotsukira mbale. Ndikhulupirira kuti muli bwino, inu pamodzi ndi mipando yonse ya mu ofesi yanu. Ife kuno tadzuka, kupatula mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene wasiya kudya. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mimba ndi ya mwanayo, koma chitseko chanu n'cholemera, ndiye ndati ndimukankhire ine.

Mwanayu pakhomo pano timamutchula Loya, chifukwa chiyambireni kuyankhula sanagonjepo pa mkangano. Ukamuuza kuti akagone, amafuna umboni woti kwada. Ndakuuziranitu khalidwe lakeli kuti mudziwe mtundu wa munthu amene phunziro lanu linamugwera.

Sindikudandaula ayi. Ndine ndani ine? Ndikungothokoza, ndipo zothokozazo ndaziika m'manambala monga mmene anthu ophunzira mumakondera.

Choyamba, zikomo pondikweza pa udindo. Ndinagona pulambala, ndinadzuka mphunzitsi wa sayansi, popanda kufunsira ntchito, popanda mayeso, popanda ngakhale choko. Loya anangobwera kuchokera kusukulu ndi kapepala kanu kopinda patatu, pamwamba mutalembapo ndi zilembo zazikulu kuti KHOLO NDIYE MPHUNZITSI WOYAMBA. Pansi pake munafotokoza kuti mutu wa kagayidwe ka chakudya m'thupi wachotsedwa m'kalasi, aziphunzitsa makolo kunyumba, koma mayeso adzafunsabe akusukulu. Nzeru zotere sizipezeka pamsika, bwana. Aphunzitsi a Loya ali ndi ana ochuluka moti akamamaliza kuitana mayina belu lopumulira limakhala lalira, ndiye m'malo mowapatsa mnzawo wowathandiza, mwawapeputsa powalanda matumbo. Ine amene ndinasiya sukulu mphunzitsi akadali pa mutu wa mano, ndinamva mapewa kukula.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha chithunzi. Nditachiona ndinachita kuimirira, chifukwa kwa ine chimenechi sichinali chithunzi koma pulani. Madzi alowera apa, atsika apa, thanki ili apa. Kamwa munajambula bwino, mmero wowongoka, chifu chonenepa, matumbo aang'ono opindidwa mwaluso. Matumbo aakulu akukwera, akudutsa, akutsika, ndipo atatsika pang'ono akuthera pomwepo, otsekedwa ndi mzere wakuda bii. Kuchokera pamenepo munthu wa pachithunziyo munamuveka kabudula. Pansi pa kabudulayo panalembedwa kuti "Phunziro lathera pano," kenako chidindo cha ofesi yanu, chozungulira, chofiirira, chochititsa mantha.

Ndisaname, bwana, ndinaona kuti paipiyo ilibe potulukira. Diso la pulambala limayamba lafuna kotuluka madzi lisanafune kolowera. Koma pa ntchito yathu pali lamulo limodzi limene munthu amaliphunzira asanaphunzire kugwira sipanala: pulambala satsutsa pulani. Pulani ikati paipi ithere m'khoma, umaithera m'khoma n'kuikapo chotsekera. Ukafunsa, injiniya amakuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, ndipo mawa pamalo pako pamakhala pali wina wosafunsa. Ndiye ndinati m'mtima mwanga, anthu a chidindo akudziwa chimene akuchita, mwina masiku ano sayansi inapita patsogolo.

Chachitatu, ndipo apa mundilole nditalikitse, zikomo chifukwa cha mawu aja akuti "gwiritsani ntchito zipangizo zopezeka pakhomo kuti mwana aone ndi maso ake." Mwina polemba munkaganiza za pakhomo pa munthu wa mu ofesi, pamene pamapezeka makatoni ndi mapensulo a mitundu. Pakhomo pa pulambala pamapezeka zina.

Loweruka masana ndinasuntha mipando ya pabalaza n'kuyamba ntchito. Kamwa linali fanulo, ndinalimangirira pa chogwirira cha chitseko. Mmero unali chidutswa cha paipi yothirira maluwa. Chifu chinali chigubu cha mafuta ophikira. Matumbo aang'ono ndinalumikiza machubu akale a njinga ndi guluu, n'kuwazunguliza m'miyendo ya tebulo, kuseri kwa kabati, kudutsa pansi pa mpando wa alendo. Matumbo aakulu anali chubu cha njinga yamoto, chokwera, chodutsa, chotsika, ndendende mmene munajambulira. Kumapeto ndinaikako chotsekera, n'kumanga ndi waya, n'kukunga ndi pulayazi mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Pa moyo wanga wonse sindinamangepo joini yolimba ngati imeneyo, ndipo ndikunena izi monyadira ndiponso molira.

Mkazi wanga anaima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno. Anati, "Bambo a Loya, chinthu chanuchi chikadya chizikapita kuti?" Ndinamuyankha kuti mafunso amenewo akafunse ku likulu. Anandiyang'ana, anachotsa nsalu yake yabwino ya patebulo, n'kubwerera kukhitchini.

Ana a nyumba zoyandikana nazo anadzaza pabalaza, chifukwa nawonso makolo awo anali atalandira udindo womwewu koma analibe machubu. Loya anachikonda chinthucho. Anachipatsa dzina loti a Chimimba, anachijambulira maso pa fanulo, n'kulengeza kuti wodyetsa ndi iye yekha, ndipo adyetsa ndi supuni yake yomwe amadyera. A Chimimba anadya buledi woviika mu tiyi. Anadya nthochi. Anadya mpunga wotsala dzulo ndi nyemba zake. Ine ndinkafotokoza ngati pulofesa: apa malovu, apa chifu chikugaya, apa zabwino zikulowa m'magazi. Kapepala kanu kanati m'chifu mumakhala madzi owawasa, ndiye ndinathiramo viniga. Kanatinso ndulu ndi kapamba zimathirako zake zoziziritsa asidi, ndiye ndinathiramo soda wophikira, paketi yonse, poti sindichita zinthu mwatheka. Poona kuti chakudya chikuchedwa pa kona ya kabati, ndinatseka fanulo ndi chiguduli n'kuthandizira ndi pampu ya njinga.

A Chimimba anayamba kulira m'mimba. Ana anaomba m'manja. Chubu cha njinga yamoto chinayamba kufufuma, n'kufufuma, mpaka chinatukula mpando wa alendo mwendo umodzi. Ndinayang'ana pulani kuti ndione chochita zikafika pamenepa, ndipo pulani inati phunziro lathera pano.

Linatheradi, bwana. Kuphulika kwake agalu a mumsewu wonse anauwa. Nyemba zinafika kudenga. Nthochi inamata chithunzi chathu cha ukwati, pankhope panga penipeni, ndipo mkazi wanga wakana kupukuta, akuti tsopano ndiye chikufanana nane. Ana a eni ake anathawa kudzera pakhomo ndi pawindo pomwe. Anatsala ndi Loya yekha, ali chilili, mpunga kumutu, supuni m'manja. Anayang'ana a Chimimba atang'ambika pakati. Anayang'ana pamimba pake. Kenako anaika supuniyo pansi mwaulemu, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanaitolenso.

Chachinayi, zikomo pophunzitsa mwana wanga kukhulupirira pepala kuposa bambo ake omubereka. Ndinamukhazika pamiyendo n'kumuuza kuti anthufe tili ndi potulukira, a Chimimba ndinachita kuwatseka ndine. Anandifunsa chifukwa chimene ndinawatsekera. Ndinati ndinatsatira chithunzi. Anati ndiye kuti chithunzi chikunama? Koma ndingayambire pati kunena kuti chidindo chimanama, ine munthu wopanda ngakhale satifiketi ya pulayimale?

Amayi ake anayesa njira yachidule. Anamufunsa kuti nanga kuchimbudzi umakatani m'mawa uliwonse? Bwana, yankho lake ndalilemba monga analinenera, kuti mwina mungaliike mu silabasi: "Amama, ine ndimadya nthochi ndi buledi. Zija zimatuluka zija n'nthochi? Munandionapo ine ndikudya zimene zija? Zija n'zina, zimachokera kwina. Zakudya zonse zimene mwandipatsa chibadwire zikadali m'katimu, zikudikira."

Ndinatenga cholembera n'kujambula kabowo kumapeto kwa matumbo a pachithunzi chanu, ndi kamuvi kolozera panja. Loya anachiyang'ana, anachipendeketsa, anati inki yake ndi yosiyana ndipo pa kabowopo palibe chidindo. Akuti aphunzitsi anawauza m'kalasi kuti pa mayeso cholondola ndi chimene chachokera ku likulu, osati chimene wanena munthu wa kunyumba. Panopa akungomwa tiyi ndi madzi, ndipo zimenezinso n'chifukwa choti anandimvapo ine ndikunena kuntchito kuti madzi amadzipezera okha njira.

Chachisanu sichikukhudza inu mwachindunji, koma ndachiika kuti muone mmene nzeru zanu zafalikira mpaka kwa achibale. Alamu anga ali ndi butchala. Atamva za nkhaniyi anabwera ali ndi beseni lovundikira, akuti mutu umodzi susenza denga, mwana aone zenizeni osati za machubu. Anayala matumbo a mbuzi pa tebulo la kuseri, anawatambasula kuyambira kummero, anayenda nawo ndi chala mpaka kumapeto, n'kunena monyadira kuti, "Waona, mphwanga? Potulukira ndi apa!" Loya anasuzumira, anagwedeza mutu, kenako anafunsa kuti nanga mwini wake wa matumbowa ali kuti. Alamu anga anakanda m'mutu. Loya anafunsanso ngati mbuziyo inkadya. Alamuwo anati eya, inkadya kwambiri. Mwana anati, "Basi. Inadya, ndi iyi ili m'beseni." Alamu anga ananyamula beseni lawo n'kumapita osatsazika.

Kuchipatala tinapitako. Anamwino anamuyeza n'kunena kuti alibe matenda, tingomupatsa chakudya, ngati kuti ifeyo tinaiwala. Loya anawapempha chithunzi cha boma chosonyeza potulukira. Pakhoma lawo panali chithunzi cha diso chokha.

Chachisanu n'chimodzi, zikomo chifukwa cha kulandiridwa bwino ku ofesi kwanu. Ndinayamba ndapita kwa aphunzitsi kukawapempha kuti ajambule kabowoko pabolodi. Anandiyankha monong'ona, akuyang'ana kuzenera, kuti mutu umenewu suli m'manja mwawo, ndipo kusintha chithunzi cha likulu ndi mlandu woti angasamutsidwe nawo kupita kusukulu yosafika galimoto. Ndiye ndinavala jekete la kumaliro, ndinamubereka Loya poti masiku ano akayenda pang'ono akumatopa, n'kubwera kwanuko.

Mlonda anandibweza, akuti pulambala alowere kuseri. Nditamuuza kuti lero ndabwera ngati mphunzitsi woyamba, anandilola. Mlembi wanu ndi mayi waulemu kwambiri, anandimvetsera uku akusenda lalanje. Anandifotokozera kuti potulukira simunaiwale ayi, munachita kukhalira pansi n'kugwirizana kuti si mawu oyenera ana aang'ono, ndiye gawo limenelo adzaphunzira akadzafika kalasi yomaliza ya pulayimale. Ndinafunsa kuti nanga pakali pano chakudyacho chizidikira kuti zaka zonsezi. Anati funso limenelo si la nthambi yanu, chifukwa nthambi yanu imathera pa kabudula. Kuchokera pa kabudula kupita kumunsi ndi za Nthambi ya Ukhondo, imene ili pa nyumba ina ndipo ikudikira galimoto. Anawonjezera kuti komiti ikhoza kuunikanso nkhani ya kabowoko chaka cha maphunziro chikubwerachi, ngati pangapezeke madandaulo okwanira. Ndinafunsa kuti okwanira ndi angati. Anati zimenezo idzanena ndi komitiyo.

Ndinapempha kuonana nanu. Anati muli pa msonkhano wofunika wokambirana za kadyedwe kabwino ka ana, m'chipinda cha pamwamba. Ndikuchitira umboni kuti msonkhanowo unalidi wofunika, chifukwa nthawi yonse imene tinakhala pabenchi paja mbale zinkangokwera masitepe zodzaza n'kumatsika zopanda kanthu.

Pabenchi pomwepo m'pamene Loya anakuonani. Osati inu mwini, koma chithunzi chanu chachikulu chija chili pamwamba pa tebulo la mlembi, chimene mwaima chammbali, dzanja limodzi pa buku, batani la jekete likugwira ntchito ya anthu atatu. Ndinamuuza kuti, waona, bwana amene analemba phunziro lako ndi amenewo, munthu wophunzira, ndipo ukuona wekha kuti amadya. Ndinkaganiza kuti ndapeza umboni womaliza. Mwana anakuyang'anani nthawi yaitali. Kenako anandikoka khutu n'kunong'ona kuti, "Ababa, awanso munawamanga waya?" Ndisanayankhe anatsika pabenchi, anayamba kukankhira anthu kukhomo, akukuwa kuti aliyense atuluke, abwana atsala pang'ono. Mlembi wanu anatsamwa ndi lalanje. Mlonda anatiperekeza mpaka pamsewu, ndipo ulendo uno anatigwira pamkono.

Musamukwiyire, bwana. Mwana ameneyu amakukondani. Njira yonse ankalira chifukwa cha inu, akuti munthu wamkulu chonchija palibe womuuza kuti asiye kudya, ndipo anthu akungomupititsira mbale. Anandichonderera kuti ndibwerere ndi pulayazi ndikakumasuleni. Pa anthu onse amene mumawalamulira, ndikukayika ngati alipo wina amene anakulirani misozi yeniyeni.

Tsopano ndisiye kaye manambala. Siketi ya yunifolomu ya Loya amayi ake aipinda m'chiuno ndi pini, ndipo dzulo anasunthanso piniyo. Kabwanaka kankadzuka m'mawa n'kuyamba kutsutsa aliyense, lero kakungogona pamkeka kakuyang'ana kudenga kumene kukadali madontho a nyemba. Ndikamuuza kanthu amangoti "chabwino, ababa," ndipo mawu amenewo, amene ndinkawalakalaka zaka zonsezi, akundiopsa kuposa kuphulika kuja. Mkazi wanga amaphika, amapakula, amayika mbale patsogolo pa mwana, kenako amapita kuseri kukalira kuti mwanayo asamuone. Ine ndatsegula mapaipi a mahotela, a masukulu, ngakhale a nyumba zina zimene eni ake amayenda ndi apolisi, koma kakhosi ka mwana wanga kandikanika. Ndikuopa, bwana. Ndanena mosabisa.

Choncho ndikugwada, monga ndinazolowera kugwada pansi pa masinki, ndi pempho laling'ono. Sindikupempha mabuku, madesiki kapena mphunzitsi wachiwiri. Ndikudziwa kuti zimenezo zinalowa kale mu ofesi yanu ndipo zikuyenda pang'onopang'ono m'makona ake. Ndikupempha kabowo kamodzi. Tengani cholembera chanu chodula chija, mujambule kabowo kumapeto kwa matumbo, kakang'ono ngati njere ya mpunga, musaine pambali pake, mudindepo chidindo. Ngati dzanja lanu likuchita manyazi, tsinzinani, mlembi akulozereni malo ake.

Ngati zimenezi zikufunika komiti, pali njira ina imene Loya wavomera yekha. Bwerani kwathu. Mudzakhale pa mpando wa alendo, tinaukonza mwendo. Mudzadye pamaso pake mmene mumadyera pa misonkhano, kenako mudzakhale nafe mpaka zotsatira zituluke, kuti mwana aone kuti ngakhale kwa akuluakulu chimene chalowa chimatuluka. Chimbudzi chathu ndinamanga ndekha popanda pulani ya munthu, sichidzakuchititsani manyazi. Zikadzapezeka kuti mwanayu ankanena zoona za inu, musadzade nkhawa, zipangizo ndili nazo ndipo inu ndidzakugwirirani ntchito yaulere.

Mutu ukakula sulewa nkhonya, bwana, ndiye musatitumizire wachiwiri wanu kapena kalata yoti nkhaniyi ikuunikidwa. Ndipo chonde fulumirani. Inu, mmene ndinakuonerani pachithunzi paja, mukhoza kudikira komiti mpaka chaka chamawa osaika kanthu kukamwa, thupi likulolani. Mwana wanga sangafike kumeneko.

Ndine wanu wodzichepetsa mpaka pansi pa sinki,

Pulambala,
Mphunzitsi Woyamba wosafunsira,
bambo wake wa Loya.